MWANA WOLAKWA AYESEDWE ASANAWERUZIDWE

Mau kwa atsogoleri a Chipani ndi ogwira ntchito m'Boma m'boma la Karonga

Mafumu, amayi ndi abambo, kuchokera ku Songwe kufikira ku Chilumba, nkhani ya mnyamata amene wagwirira mwana mnzake imathera pa njira ziŵiri: kummenya mpaka kumvulaza, kapena kubisa mlandu polipira mbuzi. Njira zonse ziŵirizi nzolakwika, ndipo malamulo a Malaŵi sazilola.

Kuyambira m'chaka cha 2017, malamulo aakulu a dziko amati mwana ndi yense wosafika zaka 18. Wosafika zaka 10 saimbidwa mlandu. Wosafika zaka 14 amaimbidwa mlandu pokhapokha pataoneka umboni wakuti anadziŵa kuti akuchita choipa. Umboni wotere suoneka pa nkhope. Nchifukwa chake lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 linapatsa mkulu woona za chisamaliro cha anthu udindo wofufuza za moyo wa mwanayo ndi kulembera khoti la ana lipoti.

Woyesa afunse izi: zaka zenizeni za mnyamatayo nzingati? Nzeru zake zikulingana ndi msinkhu wake? Anaopseza kapena kunyengerera? Akumwa kachasu kapena kusuta chamba? Kodi iye mwini sanachitidwepo chipongwe chomwecho ndi munthu wamkulu? Afunse m'Chinkhonde kapena m'Chitumbuka, pakuti mwana saulula zakukhosi m'chinenero chachilendo. Ngati mutu wake ukukayikitsa, madokotala a ku St John of God ku Mzuzu alipo.

Kafukufuku wa m'maiko ena wasonyeza kuti ana ambiri otere akathandizidwa sabwereza mlanduwo. Koma ena oŵerengeka ngoopsa ndithu. Kuyesa ndiko kumalekanitsa aŵa ndi aŵo, kuti khoti lidziŵe woyenera kutumizidwa ku Mpemba kapena ku Chilwa, kutali ndi kwao, ndi woyenera kuongoledwa pakati pa abale ake.

Kuyesa sikufafaniza mlandu. Mwana wogwiriridwa ndiye woyamba kuganiziridwa. Afike ku chipatala cha Karonga maola 72 asanathe, kuti alandire mankhwala omteteza ku kachirombo ka HIV, ndipo nkhani ikafike ku polisi tsiku lomwelo.

Wapampando wa nthambi amene akhalira nkhani yotere chifukwa cha ubale wapereka mwana wina m'manja mwa wolakwa wosayesedwa. Mwambo uyambe ndi atsogoleri, pakuti kuongola mtengo mpoyamba.