Njere ya Peyala M'chitini



Mitengo ya mapeyala imene tinkathyola pasukulu pano tili ana inatha. Namondwe wa Freddy mu 2023 anationetsa kuopsa kwa nthaka yopanda mitengo kuno ku Mulanje.

Pempho langa ndi laling'ono. Mukadya peyala musataye njere. Boolani chitini kunsi, thiranimo dothi losakaniza ndi manyowa, mubzale njereyo kosongoka kukuloza kumwamba. Musachulutse madzi, ingaole. Tsinde likanenepa ngati pensulo, mezanitsani ndi nthambi ya mtengo wobereka bwino. Womezanitsa umabereka pakatha zaka 3 kapena 4, pamene wosamezanitsa umachedwa kwambiri.

Pamsonkhano wa chaka chamawa aliyense adzabwere ndi mbande imodzi, tidzabzale pano.