Tsiku Limene Dzuwa Linada pa Zambezi

Ndirikulankhula nanu monga munthu wokhala m'Nangongwe, pano pa Kafue. Madzi a mtsinje wathu uno acokera kwanu ku migodi, napita pansi pa ulalo wa njanji umene unamangidwa m'1906, nakathira m'Zambezi kufupi ndi Chirundu. Kucokera apo ayenda cakum'mawa kufikira pa Zumbo, pamene Luangwa akomana ndi Zambezi. Nkhani yanga ya lero iri ya malo amenewo, ndipo iri ndi funso limodzi: kodi munthu angadziwe bwanji tsiku leni-leni la cinthu cimene cinacitika pakati pa anthu osalemba makalata?

Funso limeneli siliri lacabe ai. M'1963 mphunzitsi wamkuru wa ku Oxford, Hugh Trevor-Roper, ananena poyera kuti Afrika analibe mbiri yace-yace, koma mbiri ya Azungu amene anafikamo. Ambiri a nthawi ija anayesa kuti zimene agogo athu asimba pamoto ziri nthano cabe. Tsono tiyeni tione m'mene mau a agogo anayesedwera, ndipo mboni zace zinali dzuwa ndi mwezi.

Zwangendaba Jere anali mmodzi wa akuru a nkhondo a Zwide, mfumu ya Andwandwe. Pamene Shaka anagonjetsa Zwide, ca m'ma 1819, Zwangendaba anacoka ndi anthu ace kulinga kumpoto. Anakhala zaka zingapo kum'mwera kwa Mozambique, napyola m'dziko limene tsopano ticha Zimbabwe, nathira nkhondo Arozvi, kufikira anaima m'mphepete mwa Zambezi kufupi ndi Zumbo. Panalibe mlembi pakati pao. Koma akuru a Angoni, a kwa Mpezeni ndi a kwa M'mbelwa omwe, anasunga mau amodzi, nawapatsira ana ao: kuti tsiku la kuoloka lija dzuwa linada usana. Umenewo ndiwo kadamsana.

Kadamsana acitika pamene mwezi upita pakati peni-peni pa dzuwa ndi dziko lathu. Dzuwa liri kutali monga makilomita 150,000,000, ndipo mwezi uli monga makilomita 384,000. M'mimba mwace dzuwa liposa mwezi monga ka 400, komanso liri kutali koposa mwezi monga ka 400. Cifukwa cace ziwirizi zioneka zolingana m'maso mwathu. Tambasulani dzanja lanu, ndipo mudzaona kuti cala cacikuru cikhoza kubisa nyumba yonse ya patali. Momwemonso mwezi ubisa dzuwa. Mthunzi wace wa bii uli wocepa, kawiri-kawiri sufika makilomita 300 m'lifupi mwace, ndipo uthamanga pa dziko koposa ndege yonyamula anthu. Sucitika mwezi ndi mwezi, pakuti njira ya mwezi iri yopendekeka pang'ono, kotero kuti nthawi zambiri mthunziwo uphonya dziko. Pa malo amodzi kadamsana wathunthu akhoza kusowa zaka mazana atatu kapena anai. Kusowa kwaceko ndiko kumpatsa mphamvu ya umboni.

M'1687 Isaac Newton anaonetsa kuti mphamvu imene igwetsa mwala m'mgodi ndiyo yomweyo imene igwira mwezi m'njira yace. Pokhala ndi lamulo limeneli, anzeru a za nyenyezi anayamba kuwerenga mayendedwe a mwezi monga kalaliki awerenga matikiti a nchito. M'1715 Edmond Halley analemba mapu a mthunzi wa kadamsana wa ku England usanafike, ndipo anaphonya nthawi yace ndi maminiti monga anai okha. Tsono masamu amene aloza za m'tsogolo akhozanso kubwerera m'mbuyo, nanena kumene mthunzi unapita zaka zambiri zapitazo.

Mabuku ena oyamba analemba kuti Angoni anaoloka m'1825, cifukwa m'caka cimeneco munalinso kadamsana. Koma m'1930 E. H. Lane Poole, amene anagwira nchito ya boma m'cigawo ca Fort Jameson, imene iri Chipata lero, analemba nkhani yoonetsa kuti kadamsana woyenera ndiye wa November 1835, amene mthunzi wace unapita m'maiko a ku Zambezi. Caka cimeneci cigwirizana ndi zaka zimene Angoni anakhala kum'mwera kwa mtsinje, ndipo November ndiyo nyengo imene Zambezi anali kuphwa, madamu asanamangidwe. Ophunzira za mbiri anabvomereza mau amenewa kufikira lero. Mukawerenga mudzapeza mabuku ena ati pa 19, ena pa 20 November. Musadabwe nazo. Kufikira 1925 anzeru a za nyenyezi anali kuyamba tsiku lao dzuwa liri pamutu, osati pakati pa usiku, kotero kuti ora limodzi lomwelo linali kukhala ndi masiku awiri. Monga mwa kalendala wathu, linali tsiku la 20.

Kodi tapindulanji podziwa tsiku limodzi lokha? Womanga nyumba akakhoma cikhomo cimodzi colimba, akhoza kuyesa mbali zonse kucokera pamenepo. Kucokera pa 1835 tikhoza kuyala bwino zotsatira zace: ulendo wa kumpoto kufikira ku Mapupo m'dziko la Afipa, kumene Zwangendaba anamwalira ca m'ma 1848, kugawikana kwa ana ace ndi nduna zace, nkhondo za Angoni ndi Abemba, zimene anthu ati ndizo zinabala cimbuya cimene museka naco ku migodi, kukhazikika kwa Mpezeni kum'mawa kwa Luangwa ca m'ma 1870, ndi nkhondo ya 1898, pamene Azungu anagonjetsa Angoni napha Nsingo, mwana wa Mpezeni. Mbiri ya Ansenga, Acewa ndi Atumbuka nayonso ipeza zaka zace pa cikhomo comweci.

Komatu tisaiwale ici: dzuwa lingonena za tsiku, silinena za wolakwa ndi wolungama. Kwa Angoni tsikulo liri ciyambi ca mudzi watsopano. Kwa Ansenga amene anali kutsidya kuno, linali ciyambi ca midzi yopsereza ndi ana ogwidwa. Wofuna mbiri yoona ayenera kumva mbali zonse ziwiri, monga acita woweruza mlandu pa bwalo.

Pali cinanso cokondweretsa. Akadamsana ali ndi mabanja ao. Pakapita zaka 18 ndi masiku 10 kapena 11, dzuwa, mwezi ndi dziko zibwerera pafupi-fupi m'malo momwe zinali, ndipo kadamsana wofanana aonekanso, koma ku mbali yina ya dziko. Mukawerenga kasanu ndi katatu kucokera pa November 1835, mufika pa 16 February 1980, tsiku limene mthunzi unapita pa Tanzania ndi Kenya. M'caka comweco ca 1980 Angoni a kwa Mpezeni anautsanso mwambo wao wa Nc'wala, umene unalekeka citapita nkhondo ya 1898.

Ambiri a inu munaona nokha cimene anaona anthu a Zwangendaba. Pa 21 June 2001, itangokwana 3 koloko masana, mthunzi unaphimba Lusaka, amene ali pafupi ndi ife a pa Kafue, kwa maminiti oposa atatu, ndipo unatsika ndi cigwa ca Zambezi kulowa m'Zimbabwe ndi m'Mozambique. Alendo anadza kucokera ku maiko akutali, pakuti tsiku ndi ora zinali zodziwika kale. Ndipo ndikucenjezeni: kadamsana akadzafikanso, musayang'ane dzuwa ndi maso okha, kapena ndi magalasi wamba akuda. Dzuwa litentha m'kati mwa diso popanda kumva kuwawa, ndipo cironda cace sicipola bwino.

Potsiriza ndiri ndi pempho kwa inu. Tsiku la pa Zambezi ladziwika cifukwa nkhalamba zosadziwa kulemba zinasunga mau ao bwino, ndipo panapezeka anthu amene anazimvera. Mau a akuru akoma akagonera. Inu amene munasiya midzi kudza ku nchito, mukapita kwanu pa chuti, khalani pansi ndi agogo anu. Afunseni kumene mtundu wanu unacokera, mitsinje imene unaoloka, ndi mafumu amene analipo. Makamaka funsani zizindikiro: caka ca dzombe, ca njala, ca cibvomezi, ca nyenyezi ya mcira, ca kuda kwa dzuwa. Lembani zonse m'kabuku, pamodzi ndi dzina la wonena ndi tsiku limene ananena, ndipo musaonjezepo zanu. Mwina mwana wanu wophunzira masamu ndiye adzapeza caka cace.