Tisanati Ndi Phokoso, Tiyambe Tamvetsera



Madandaulo afika kwa ife akuti anyamata akuliza pa mafoni ao nyimbo za magitala osasa mau, ndipo akulu ena akuti ndi phokoso la azungu. Ife tazimvetsera bwino, ndipo tikuti si za azungu ai. Zinaimbidwa ndi ana a ku Zambia, anansi athu.

Zambia italandira ufulu mu 1964, mkuwa unali pa mtengo wabwino ndipo anyamata a m'matauni anatha kupeza magitala a magetsi. Anamva maimbidwe a Jimi Hendrix ndi a Rolling Stones, nawasakaniza ndi kaombedwe ka ng'oma za kwao. Maimbidwewo anachedwa Zamrock. Bandi yochuka koposa inali WITCH, woimba wache Emmanuel Chanda, amene anampatsa dzina lakuti Jagari pomufanizira ndi Mick Jagger. Mbale yao ya Lazy Bones inaturuka mu 1975, chaka chomwecho a Amanaz anaturutsa yao yochedwa Africa. Ku Lusaka kunali Paul Ngozi ndi Ngozi Family, amene nyimbo zao zina ziri m'Chinyanja chomwe tikulankhulachi. Pulezidenti Kaunda analamulanso kuti nyimbo zambiri za pa wailesi zikhale za m'dzikomo.

Koma mtengo wa mkuwa unagwa, anthu naleka kugula mbale. Edzi inatenga oimba ambiri. Paul Ngozi anamwalira mu 1989, ndipo Jagari anapita kukakumba miyala ya mtengo wapatali kuti adyetse banja lache. Nyimbozo zikadatheratu. Chinazipulumutsa nchakuti zinajambulidwa. Mu 2012 kampani ya Now-Again ya ku America inazisindikizanso, ndipo mu 2023 a WITCH anaturutsa mbale yatsopano, Zango.

Tsono abale, pali mau awiri. Loyamba, mwana akaliza nyimbozi musamuthamangitse. Khalani naye, mumvetsere m'mene gitala akulirira ndi m'mene ng'oma ikumyankhira, ndipo mumuuze mbiri yache. Lachiwiri, m'midzi yathu ya Machinga ndi Balaka muli nkhalamba zodziwa bangwe ndi nyimbo za manganje, zimene palibe anazijambula. Foni yomweyo ikhoza kugwira nchito imeneyi. Tikupempha mudzi uli wonse ubweretse maina a oimba ache pa msonkhano wa mwezi wa mawa, kuti anyamata akawajambule akali moyo.