Galimoto ikamazima pamphambano

Awa ndi mawu omwe adawerengedwa pamsonkhano wa eni ndi oyendetsa galimoto za hayala m'wodi muno. Asindikizidwa pano kuti omwe sadafikeko amve nawo.



M'midzi yambiri ya wodi ino, galimoto yomwe imanyamula tomato kupita kumsika masana ndi yomweyo imathamangira ndi mayi woyembekezera kuchipatala usiku, ambulansi ikachedwa. Zambiri mwa galimotozi zidabwera kuno zitayenda kale ku Japan, monga Corolla, Probox ndi Sienta. Ina mwa izo ikayamba kunjenjemera itaima, kapena kuzima dalaivala akangochotsa phazi, nkhawa si ya mwini wake yekha.

Galimoto zimenezi zilibe kabuleta. Petulo amapoperedwa m'injini ndi mainjekita, ndipo muyeso wake umalamulidwa ndi kompyuta, yomwe imadalira masensa kuti idziwe kuchuluka kwa mpweya wolowa ndi kutentha kwa injini. Injini yabwino ikatentha imazungulira maulendo pafupifupi 700 kapena 800 pa mphindi galimoto itaima. M'mawa imalira mokwezako kwa kanthawi, ndipo limenelo si vuto.

Kulira kukasokonekera, ambiri amathamangira kugula mainjekita kapena pampu. Kumeneko n'kuyambira kumchira. Makaniko wanzeru amayambira ku mpweya, chifukwa ndiko kumakhala zovuta zambiri komanso zotchipa kukonza. Fumbi la misewu ya dothi limatseka sefa ya mpweya. Mwaye umamatirira pakhomo polowera mpweya ndi pa kavalavu kolamula idling, kakumalephera kutseguka bwino; kungotsuka pamenepo kumachiza galimoto zambiri. Timapaipi ta labala tikakalamba timang'ambika n'kumalowetsa mpweya womwe kompyuta sidauwerengere, ndipo khutu latcheru limamva kamluzu pamene pang'ambikapo. Kenaka amayang'ana mapulagi. Pulagi yakuda ndi mwaye imasonyeza kuti mafuta akuchuluka, pomwe yoyera mbuu imasonyeza kuti akuperewera.

Mafuta amabwera pambuyo pa zonsezi, ndipo pampu isaweruzidwe mphamvu yake isanayezedwe ndi geji. Nthawi zambiri wolakwa amakhala sefa ya mafuta yomwe sidasinthidwepo chibwerere galimoto. Petulo wa m'zigubu, yemwe anthu amamuthamangira mafuta akasowa, amabwera ndi dothi ndi madzi, pomwe timabowo ta injekita n'tating'ono kwambiri. Petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol wa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo ethanol amayamwa chinyezi, choncho mafuta okhalitsa m'chigubu chosatseka bwino amafika m'thanki atawonongeka kale. Chizolowezi chothira malita awiriawiri nacho chimapha pampu, popeza pampuyo imakhala m'thanki ndipo imazizira ndi mafuta omwewo.

Pali mchitidwe umodzi wofala womwe uyenera kutha: kuchotsa themositati. Ena amati kuno n'kotentha, kachipangizoko n'ka kumayiko a chisanu. Koma kakachotsedwa, injini imachedwa kufika pa kutentha kwake, makamaka m'mawa wa mu June kapena pamtsetse wautali. Sensa imauza kompyuta kuti injini idakali yozizira, kompyuta n'kumawonjezera mafuta. Injini imalira mokweza, mapulagi amada, petulo amatha ngati thanki yabooka, ndipo mwini wake amagula zipangizo zina zosalakwa. Injini ikamatentha mopitirira, chofunika n'kuyang'ana rediyeta, fani ndi pampu ya madzi, kapena kuika themositati yatsopano.

Chimodzimodzi nyali yachenjezo ya injini. Kuimata ndi tepi kapena kuzula babu lake n'kutseka pakamwa mboni. Galimoto zobwera pambuyo zili ndi soketi ya mapini 16 pansi pa chiwongolero, pomwe makina owerengera zolakwika amalumikizidwa. Toyota zakale kwambiri sizifuna n'komwe makinawo: makaniko akalumikiza TE1 ndi E1 ndi kawaya m'kabokosi koyezera, nyaliyo imaphethira, ndipo kuwerenga kuphethirako kumapereka nambala ya vuto. Nambalayo imaloza dera lokha. Ikatchula sensa, mwina ndi waya wake chabe womwe makoswe adatafuna galimoto itagona pafupi ndi nkhokwe.