Woyimba Wotchuka ndi Khasu la Mumgodi

Lero tikambirana za filimu yotchedwa We Intend to Cause Havoc, imene inatuluka m'chaka cha 2019. Sinapangidwe ndi kampani yaikulu ya mafilimu ayi. Anaikonza ndi Gio Arlotta wa ku Italy, pamodzi ndi anzake owerengeka.

Filimuyi ikusimba za Emmanuel Chanda, amene anthu anamutcha Jagari pomufanizira ndi Mick Jagger wa ku England. Iye anali mtsogoleri wa gulu loyimba la WITCH, lochokera ku Kitwe. M'zaka za m'ma 1970 gululi linatchuka kwambiri, makamaka ndi chimbale cha Lazy Bones cha mu 1975. Pa nthawiyo Pulezidenti Kaunda analamula kuti wailesi iziyimba kwambiri nyimbo za m'Zambia, ndipo oyimba athu anapeza mpata.

Koma ana inu, mvetsetsani apa. Mtengo wa kopa utagwa, anthu anasowa ndalama zolowera m'magule. Kenaka, chifukwa cha nkhondo ya ku Rhodesia, boma linaletsa kuyenda usiku. Nanga woyimba angayimbire yani masana, anthu ali ku ntchito? Mawu a Jagari sanasinthe, chimene chinasintha ndi dziko. Iye anasiya gululo naphunzira uphunzitsi, monga aphunzitsi anuwa. Anzake onse amene anayamba nawo anamwalira, natsala yekha.

Arlotta anamupeza akukumba miyala ya mtengo wapatali, ntchito yonga imene abale athu amagwira ku Lundazi. Kwa ine, apa ndi pamene pagona mphamvu ya filimuyi: munthu amene makamu ankamuwombera m'manja akuoneka ali m'fumbi, zimbale zake zikugulidwa kutsidya kwa nyanja. Pambuyo pake anabwerera ku nyimbo, mothandizana ndi Jacco Gardner wa ku Netherlands, ndipo mu 2023 gululi linatulutsa chimbale chatsopano, Zango.

Aphunzitsi, wailesi ikatsekedwa, ana aloze Kitwe ndi Lundazi pa mapu. Ndipo inu ana, kafunseni agogo anu ngati anavinako nyimbo za WITCH. Zimene akuuzeni mukazilembe m'kope, mubwere nazo m'kalasi.