MPWEYA UKACEPA, NZERU NDIYO IYAMBA KUTHAWA

Anthu a ku Dambwa North mu Livingstone anazolowera kuona ndege zikunyamuka pa bwalo la Harry Mwaanga Nkumbula. Amene anakwerako adziwa mau amene anchito a m'ndege amanena isananyamuke: kuti mpweya ukacepa m'katimo, munthu ayambe wabvala yekha cophimba kumphuno, ndipo pambuyo pace abveke mwana wace. Mai wakumva lamuloli aliyesa lankhanza. Koma liri ndi cifukwa cace, ndipo cifukwaco ciri mu ubongo.

Ubongo ndi wocepa: pa kulemera kwa thupi lonse utenga magawo 2 okha pa 100, koma pa mpweya wa okosijeni umene thupi ligwiritsa nchito, iwo udya magawo 20. Ndiponso ulibe nkhokwe. Tizigawo tace ting'onoting'ono, tochedwa maselo, titentha shuga ndi okosijeni kuti tipeze mphamvu yotumizirana mauthenga. Mwazi ukaleka kufikako, munthu akomoka m'masekondi ngati 10, ndipo pakapita mphindi 4 kapena 5 maselowo ayamba kufa.

Tsono munthu akamakwera m'mwamba mpweya umka nupepuka, kotero kuti kupuma kumodzi kumbweretsera okosijeni wocepa. Livingstone ali pa mamita ngati 1,000 pamwamba pa nyanja yamcere, ndipo apa thupi silidandaula. Kuyambira pa mamita 2,500 ena amva mutu, nseru ndi kusowa tulo. Nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje, ya mamita 3,002, yapitirira kale malirewo. Pa mamita 5,500, kufupi ndi nsonga ya Kilimanjaro, kupuma kumodzi kubweretsa theka cabe. Ndege zazikuru ziuluka kupitirira mamita 10,000, ndipo mpweya wopoperedwa m'kati ukaturuka, munthu atsala ndi mphindi imodzi, kapena yosakwana, ya nzeru zolongosoka. Mai akayamba ndi mwana, angathe kukomoka asanabveke aliyense.

Coopsa ceniceni ndi cakuti bvutoli silicenjeza. Munthu womira m'madzi adziwa kuti alikufa, koma wosowa okosijeni kumwamba apuma bwinobwino, nakhala ngati wamwa mowa pang'ono: aseka, aiwala cimene anauzidwa tsopano apa, alephera kuwerengera kapafupi, komabe adziona wocenjera koposa kale. Ciwalo cimene cikanamuuza kuti zinthu zaipa ndico cayamba kudwala.

M'caka ca 1875 amuna atatu a ku France anakwera m'baluni yochedwa Zénith kufika pa mamita ngati 8,000. Anali nao matumba a okosijeni pafupi pomwepo. Gaston Tissandier anafotokoza pambuyo pace kuti sanamve kuwawa konse koma kukondwa, ndipo pamene anafuna kugwira paipi ya mpweyawo mkono unakana. Anzace awiri, Sivel ndi Crocé-Spinelli, anafera momwemo. M'caka ca 2005 ndege ya Helios Airways yocokera ku Cyprus inakwera yosapoperedwa mpweya. Oyendetsa anasokonezeka, nakomoka, ndipo inagwa kufupi ndi Athens ndi anthu 121.

Amuna a m'migodi asayese kuti nkhaniyi ndi ya okwera ndege okha. Anzao okumba mkuwa pa mgodi wa Collahuasi ku Chile agwira nchito pa mamita ngati 4,400, kumene kuiwala ndi kucedwa kuganiza ziri mbali ya nchito ya tsiku ndi tsiku. Pansi pa nthaka namonso, m'njira zakale zosapita mphepo, okosijeni amatha mwakacetecete, ndipo wolowamo amagwa asanamve kanthu. Cifukwa cace njira yochingidwa siilowedwa kufikira mpweya wace utapimidwa.

Ndipo ku Dambwa North komweko, m'miyezi yozizira ya June ndi July, mbaula ya makala m'cipinda cotseka icita zomwezo mwa njira yina. Makala aturutsa mpweya wopanda pfungo kapena maonekedwe, umene ugwira mwazi kolimba kuposa okosijeni nthawi zoposa 200, kotero kuti ubongo ufa ndi njala m'nyumba yodzala mpweya. Wogonamo amva mutu ndi cizungulire, naganiza kuti ndi kutopa kapena malungo, nafunda bulangeti. Wopezeka wotero ayenera kuturutsidwa panja msanga ndi kutengedwa ku cipatala, ngakhale iye mwini alikukana kuti sadwala.