Mau a pa Msonkhano wa Pachaka: Mbiri ya Nyumba ya Kalabu ya ku Zomba

Munthu wochokera kuno ku Malosa akafika ku Zomba amaona nyumba yakale ya njerwa pambali pa bwalo la gofu, m'tsinde mwa phiri. Imeneyo ndiyo Zomba Gymkhana Club, ndipo mbiri yake ili ndi phunziro kwa bungwe lino.

Azungu anakonda Zomba chifukwa cha mphepo yozizira ndi madzi otsika m'phiri. Cha m'ma 1886 John Buchanan anamangako nyumba ya Kazembe wa Britain, imene pambuyo pake inatchedwa Masongola chifukwa cha nsanja zake zosongoka. Mu 1891 Harry Johnston anaika likulu la Boma komweko. Akalaliki ndi asilikali achizungu atachuluka, anayambitsa kalabu yawo mu 1896, naipatsa dzina la Gymkhana, lochokera ku India, kumene Angerezi ankatchula motero malo a masewera. Nyumba imene ilipo inamangidwa mu 1923.

Mamangidwe a nyumba za Azungu za masiku amenewo anali a nzeru. Makoma a njerwa zootcha anali ochindikala kuti m'kati muzizizira. Denga linali lalitali kuti mpweya wotentha uzikwera. Khonde linali lotambalala kuti mvula ya ku Zomba, imene ili yambiri, isamenye khoma, ndiponso kuti eni ake azikhala pamthunzi poonerera masewera.

Koma pali chinthu chimene njerwa sizinena. Manja amene anaponda dothi, kuumba njerwa ndi kucheka matabwa anali a anthu akuda. Komabe m'masiku a Boma la Azungu munthu wakuda ankalowamo ngati wophika, woperekera zakumwa kapena wonyamula ndodo za gofu, osati ngati membala. Tsankho lotere linagwa cha m'nthawi imene dziko linalandira ufulu mu 1964, ndipo likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975, ulemerero wa Zomba unachepa. Nyumbayo inakhalabe chilili.

Phunziro lake nali. Anthu owerengeka, posonkha ndalama mokhulupirika chaka ndi chaka, anadzimangira nyumba imene yapitirira zaka 100. Bungwe lino likusonkhanabe m'chipinda chobwereka cha sukulu, pamene dothi labwino ndi amisiri zilipo m'chigwa cha Domasi. Mutu umodzi susenza denga. Mamembala akapereka zopereka zawo pa nthawi yake, holo idzamangidwa. Koma khomo lake lidzakhale limodzi, lolowera mfumu ndi mlimi yemwe.